Pa Diplomacy, yang'anani zombo za mnzanu, osati malonjezo ake

Mukamasewera Diplomacy, masewera a pa bolodi omwe wosewera aliyense amatsogolera dziko limodzi la ku Ulaya polimbirana malo, musatengeke ndi mawu okoma a mnzanu amene mwagwirizana naye. Onani kumene asilikali ake aloza. Masewerawa alibe madayisi: osewera 7 amalemba mobisa zimene magulu awo achite, kenako zonse zimaululidwa nthawi imodzi. Pa malo 34 opatsa mphamvu, wopambana amafunika 18, ndiye kuti mgwirizano uliwonse uli ndi tsiku lake lothera.

Tinene kuti ndinu France, mwapangana ndi England kuti mu English Channel musalowe chombo. Mukangoona kuti wamanga chombo chatsopano ku Liverpool, doko la kumadzulo kwa England, chonsecho adani ake onse ali kum'mawa, dziwani kuti mwina akulinga inu, ndipo musataye nthawi ndi mafunso. Bwezani gulu limodzi ku Brest, doko lanu loyang'ana ku English Channel, mwakachetechete, uku mukumulembera mwansangala ngati kale.

Nanunso mukafuna kumutembenukira, musatero chifukwa cha malo amodzi. Kumeneko n'kutaya bwenzi pachabe, ena asanu aja akuonerera. Dikirani nyengo ya Fall, pamene malo amawerengedwa, mulande awiri kapena atatu kamodzin'kamodzi kuti asowe pogwira. Ine amene amandichititsa mantha ndi mnzanga amene wangosiya mwadzidzidzi kukangana nane za kagawidwe ka malo, n'kumangovomera chilichonse.