Kuwedza salmon ku Pulaski masamba akayamba kufiira

Mwezi wa Seputembala ukafika, ine mtima umakhala uli ku Pulaski, m'chigawo cha New York ku America. Pafupi ndi tauni imeneyi mtsinje wa Salmon River umathira m'nyanja ya Ontario, ndipo nyengo imeneyi salmon zamtundu wa Chinook zimachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje kukaikira mazira. Amene munakulira ku Nkhotakota mukudziwa mmene mpasa imakwerera Bua. Ndi momwemo, kungoti izi zikaikira zimafa, ndipo imodzi imatha kupitirira makilogalamu 10.

Musanagwire ndodo, gulani laisensi. Aliyense wa zaka 16 kapena kupitirira ayenera kukhala nayo. Werenganinso malamulo a mtsinjewu, chifukwa amanena ngakhale kukula kwa mbedza ndi maola owedzera. Nsomba yokoledwa pamsana kapena kumchira muyenera kuibwezera m'madzi. Imene yaluma yokha ndiyo yanu.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: salmon ikalowa mumtsinje imasiya kudya. Chaka changa choyamba ndinatha masiku awiri ndikuponya nyambo ngati ndikuwedza chambo chanjala, osagwira kanthu. Nsombazi zimakhala pansi pa dziwe, mitu italoza kumtunda, ndipo zimaluma chifukwa cha ukali basi, chinthu chikadutsa pamphuno pawo. Ndiye ntchito yanu yonse ndi kufikitsa nyambo pamenepo.

Imani cham'mbali mwa dziwe. Ponyani chakumtunda pang'ono, kwezani nsonga ya ndodo, musiye madzi atenge nyamboyo okha. Mtovu womangirira pa ulusi kuti nyambo imire uzigunda miyala apa ndi apo, muzimva kuti go, go m'dzanja. Ngati simukumva kanthu, mtovu wachepa. Ukamakodwa kawirikawiri, wachuluka, chotsaniko umodzi. Ine ndimasintha mwina kasanu m'mawa umodzi, ndipo sindiona kuti ndataya nthawi. Ulusi ukaima mwadzidzidzi, kokani. Nyambo yanga ndi mazira a salmon omangidwa m'kansalu kaukonde, kampukutu kake ngati nsawawa.

Ikaluma, fuulani kuti "Fish on!" (kutanthauza kuti nsomba yakoledwa) kuti oyandikana nanu atulutse mbedza zawo, popeza pamadziwe otchuka anthu amaima phewa ndi phewa. Musalimbane nayo mphindi zoyamba. Isiyeni ithamange, muziitsatira m'mphepete.

Za mapazi musachite nazo masewera. Miyala ya mtsinjewu ndi yoterera kwambiri, valani nsapato za misomali kunsi, ndipo mangani lamba pa buluku la rabala lolowera m'madzi. Madzi amatulutsidwa kudamu kumtunda, ndiye onani kaye kuchuluka kwake musananyamuke.

Cha pakati pa Okutobala nsomba zina, steelhead ndi brown trout, zimabwera m'mbuyo mwa salmon kudzadya mazira. Izi ndiye zanjala. Chepetsani ulusi ndi mbedza, muziponya kumunsi kwa malo amene salmon zikuikira. Steelhead ndi imene ndimaikonda, imadumpha m'mwamba ikunyezimira ngati ndalama yatsopano, ndipo zanga zambiri ndimazibwezera.

Khamu likakutopetsani, pitani kunyanja cha ku tauni ya Oswego mukayese nsomba yotchedwa smallmouth bass pamiyala. Kokani nyambo yapulasitiki yofanana ndi kansomba kotchedwa goby pang'onopang'ono pansi penipeni, makamaka m'mamawa mphepo isanadzuke.