Mmene ndinawerengera ophikira makala ku Chilomoni

Ndisanaike ndalama pa bizinesi ya mbaula, ndinkafuna kudziwa kuti mwa mabanja 100 alionse m'dera lathu, ndi angati amaphikira makala. Poyamba ndinangofunsa amayi amene ndinkawapeza pamsika, pafupi ndi ogulitsa makala. Pafupifupi onse anati inde. Nanga wophikira magetsi akadzatani pamenepo?

Ndiye ndinalemba manambala a nyumba zonse patimapepala, n'kutipinda, n'kutiponya m'beseni. Mwana wanga anatola 100 atatsinzina. Nyumba imene ndaipeza yotseka ndinkabwererako madzulo, osangolowa yoyandikana nayo.

Ukafunsa nyumba 100, yankho likhoza kuphonya ndi 10 peresenti, kukwera kapena kutsika. Kuti kuphonyako kufike pa 5 pamafunika nyumba 400, koma ndi zitunda za ku Chilomoni, miyendo inakana.