Kupima mwana amene mukumuganizira autism

Yambani ndi makutu. Mwana wosamva bwino satembenuka akaitanidwa dzina, ndipo n'kosavuta kumuganizira molakwika autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limavutitsa mwana kulankhulana ndi kucheza ndi ena). Akapimidwe makutu kaye.

Ngati ali ndi miyezi 16 mpaka 30, funsani kholo mafunso 20 a M-CHAT-R, mndandanda wofufuzira zizindikiro za autism, womwe yankho lililonse lokayikitsa limapatsidwa pointi imodzi. Mapointi 0 mpaka 2, nkhawa njochepa. 3 mpaka 7, funsaninso mozama pa mayankho okayikitsawo. 8 kupita m'mwamba, mutumizeni kwa katswiri msanga. Mafunsowa amangosefa, sagamula kuti mwana ali ndi autism.

Kenako khalani naye pamkeka, wailesi itazimitsidwa. Lozani mpira uli pakona: kodi maso ake akutsata chala chanu? Akamakupiza manja musamugwire, ndimo amadzitonthozera. Mayi ake akatchula za ufiti, amvetsereni mpaka amalize, chifukwa mukawadula pakamwa sabweranso naye mwanayo.