Kakonzedwe ka mtsutso wa achinyamata pa kampu ya tchuthi

Zofunika musanayambe: mutu wokhudza kwawo komweko (mwachitsanzo, "Mjigo ukawonongeka akonze ndi khonsolo, osati eni mudzi"), wotchi, belu ndi oweruza atatu.

1. Agaweni pawiri, ovomereza ndi otsutsa. Mbali asankhe pochita maere.
2. Apatseni tsiku limodzi akafunse amayi otunga madzi, komiti ya pamjigo ndi a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi).
3. Aliyense alankhule mphindi 3, belu likalira akhale pansi.
4. Samalani apa, ambiri amaphonya poyankha. Ana amangolakatula zomwe analoweza osamva zomwe mnzawo wanena. Ayambe abwereza mfundo ya mnzawoyo, kenako aitsutse. Wonyoza munthu mumuchotsere malikisi.
5. Mfundo zolimba zilembedwe m'kalata, achinyamata eni akewo akaipereke kwa khansala wa dera lawo.