Kapangidwe ka Daiquiri, chakumwa chotchedwa dzina la gombe la ku Cuba

Daiquiri si dzina la munthu ayi. Ndi dzina la gombe komanso mgodi wa chitsulo pafupi ndi mzinda wa Santiago de Cuba. Nkhani yodziwika imati chakumwachi anachitcha dzinali ndi Jennings Cox, injiniya wa ku America yemwe ankagwira ntchito pamgodipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ngakhale kuti kusakaniza rum (mowa womwe amatcheza kuchokera ku nzimbe), mandimu ndi zotsekemera kunalipo kale kuzilumba za Caribbean. Mu 1909 dokotala wa asilikali a panyanja a ku America, Lucius Johnson, anachitengera ku Army and Navy Club mumzinda wa Washington, ndipo mbiri yake inawanda kuchokera pamenepo.

Zofunika ndi zitatu basi: mamililita 60 a rum yoyera, mamililita 20 a madzi a mandimu, ndi timasupuni tiwiri ta shuga woyera. Mukhalenso ndi ayisi pafupi.

1. Ikani tambula mufiriji kuti izizire mukamakonza zinazo.

2. Finyani mandimu nthawi yomweyo, ang'onoang'ono obiriwira aja. Juwisi wa m'botolo musamuyese n'komwe, chakumwa chimamveka ngati switi.

3. Thirani madzi a mandimuwo ndi shuga mu shaker (chikho chokhala ndi chivundikiro chokhutchumuliramo zakumwa), kenako takasani mpaka shuga yense asungunuke. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Shuga sasungunuka msanga mu mowa kapena m'madzi ozizira, ndiye mukafulumira kuthira rum ndi ayisi, amangokhala pansi ngati mchenga. Mumayamba ndi kuwawasa kotsitsa misozi, n'kudzapeza kutsekemera konse pakumaliza. Ngati mulibe shaker, botolo la jamu lotsukidwa bwino lokhala ndi chivundikiro cholimba limagwira ntchito yomweyo.

4. Thirani rum, dzazani ayisi, tsekani, ndipo khutchumulani mwamphamvu kwa masekondi 12 kapena 15, mpaka manja amve kuzizira.

5. Sefani mu tambula yozizira ija. Ayisi atsale.

Lawani musanapatse mlendo, poti mandimu amasiyana ukali wake. Chikawawasa kwambiri, ulendo wina onjezerani theka la kasupuni ka shuga.

Mukaona Daiquiri wa ayisi wogaya, ameneyo anatchuka pa bala ya El Floridita ku Havana m'manja mwa Constantino Ribalaigua, yemwe ankakonza zakumwa pabalapo. Kwa ine, yambani ndi wosagayayu. Ingokumbukirani kuti tambula imodzi ili ndi matoti awiri athunthu a rum, ngakhale ikutsika ngati madzi a mandimu.