Sinthani nambala ya pa linki musanapereke webusaiti kwa mwini wake

Ndinapangira loji ina ya ku Chembe webusaiti yosungitsira zipinda. Mlendo akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba amalandira linki ya lisiti lake, yothera ndi nambala, tinene 214. Tsiku lina ndili mu minibasi yochokera ku Monkey Bay, pongosewera ndi foni, ndinasintha 214 kukhala 213. Linatseguka lisiti la mlendo wina, dzina lake ndi nambala ya pasipoti zili pamtetete. Ndinafika pa Mangochi boma thukuta lili kamukamu.

Kulakwitsa komweku kunapezeka pa kampani ya First American Financial ku America mu 2019: zikalata pafupifupi 885 miliyoni zinkatsegukira aliyense wodziwa kusintha nambala pa linki. Mu 2021 bungwe la OWASP, loona za chitetezo cha mawebusaiti, linaika vuto la mtundu uwu, broken access control, pa nambala 1 pa mndandanda wake wa mavuto khumi akuluakulu.

Mankhwala ake ali pa seva, kompyuta yomwe imasunga webusaiti. Isanatumize lisiti, ifunse kaye ngati walowayu ndiye mwini wake. Kubisa batani sikuthandiza, chifukwa wakuba sadina batani, amalemba yekha linki. Ine masiku ano ndimatsegula maakaunti awiri oyesera. Ndimalowa ndi yoyamba, kukopa linki ya lisiti, n'kuitsegula ndili mu yachiwiri. Ikatseguka, ndiye kuti ntchito sinathe. Chitani zomwezo pa tsamba la manijala, osalowa n'komwe.

Kenako pitani pa fomu iliyonse, lembani kachizindikiro aka ' m'bokosi la dzina. Database, nkhokwe yosunga zonse za alendo, ikadandaula poyera, mwasiya khomo la SQL injection, njira yomwe wakuba amalemba malamulo ake m'fomu kuti database iwamvere. Musamalumikize mawu a mlendo ku query yanu, lamulo lopita ku database; gwiritsani ntchito prepared statements, zomwe zimalekanitsa lamulo ndi mawu a mlendo. Mu chilankhulo cha PHP zili kale mu PDO, chida cholumikizira ku database. Kampani ya TalkTalk ya ku Britain inaberedwa motere mu 2015 ndipo inalamulidwa kulipa chindapusa cha mapaundi 400,000.

Chomwe ambirife timazengereza ndi update, poti bandulo ndi yodula. Kampani ya Equifax ya ku America mu 2017 inachedwa kuika chigamba chotseka vuto mu pulogalamu ya Apache Struts chomwe chinatuluka mu Malichi, ndipo zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni zinabedwa. Kwathu kuno nthawi zambiri ndi mapulagini, timapulogalamu towonjezera pa webusaiti ya WordPress, amene munaika kalekale n'kuiwala. Osagwira ntchito achotseni. Ndalama ya bandulo ya mwezi ndi mwezi ndimaiika pa mtengo pomwe tikugwirizana ndi mwini loji, chifukwa ukakaipempha pambuyo amangoti, "Achimwene, si ikugwira ntchito bwinobwino?"