Musanapite kwa loya pa nkhani ya banja

Abale anga a mu Blantyre, ngati ankhoswe ayesetsa koma zakanika ndipo mwaganiza zopeza loya, yambani mwasonkhanitsa mapepala. Setifiketi ya ukwati, makalata a nyumba kapena puloti, bulubuku ya galimoto, malisiti a fizi ya ana, ngakhale mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti ndalama za simenti munkatumiza ndinu. Pogawa katundu khoti limafuna umboni. Ambiri amadzakumbukira zimenezi mnzawo atabisa kale zonse.

Loyayo mufunseni ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chino. A Malawi Law Society, bungwe la maloya, angakutsimikizireni. Kumakhotiku kumayendayenda adobadoba ovala masuti, chenjerani nawo. Za malipiro mugwirizane polemba, ndipo pa ndalama iliyonse mutenge lisiti.

Ngati m'thumba mwauma, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, ofesi yawo ilipo mu Blantyre momwe muno. Ukwati wa chinkhoswe umatha kuthetsedwa kwa majisitireti, si zonse zopita ku High Court ku Chichiri. Koma za chisamaliro cha ana musadikire kuti ukwati uthe kaye, mutha kukasuma padera.